Chitsime cha Kutchalitchi kwa Amai

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi ba Tcheyamani a chipani m'dera lathu ku Kanyama. Satifiketi yanga ya sukulu sanaiyang'ane n'komwe. Chaka chimenecho mvula inagwa yosalekeza, zimbudzi zinasefukira, kolera n'kulowa m'komboni. Bungwe lina la zaumoyo linkafuna achinyamata oti aziima pazitsime n'kumathira klorini m'madzi, ndipo kwathu ntchito yotere imadzera pakhomo pa ba Tcheyamani. "Iwe Esinati, nakupasa nchito," anatero. "Usaibale wamene anakupasa." Ndinagwada n'kuthokoza, mtima uli mbee.

Anatipatsa vesti yachikasu, magambutsi, chigubu cha klorini wosungunula kale ndi sirinji yopanda singano. Wotiyang'anira anali ba Mulenga, mayi wamfupi wa ku Kitwe amene kuseka ankakusiya kunyumba. Ntchito yake inali yotere: mayi akatunga madzi amatula ndowa pansi, iwe umaona kukula kwake, kukoka mankhwala mpaka pamzere woyenera, kuthira, n'kumuuza kuti adikire theka la ola asanamwe. Pofuna kuona ngati mankhwala akwana, tinkatapa madziwo m'kagalasi n'kuponyamo piritsi loyera. Akasanduka pinki, ndiye kuti zili bwino. Panalinso kabotolo kokhala ndi kapepala mkati, koyezera chitsime chenichenicho. Umathiramo madzi, kutseka, n'kukasunga pofunda. Madziwo akada bii, ndiye kuti zam'chimbudzi zalowamo.

Lamulo la ba Mulenga linali limodzi. "Osagwila ndowa ili pamutu pa munthu. Mpaka aitule eka." Ndinkaona ngati ndi nkhani ya ulemu chabe. Anthu otula analipo, koma ena ankatilambalala. Ena ankati mankhwalawo ndi oletsa kubereka, ena ankati ndi a boma ofuna kuchepetsa anthu a m'makomboni chisankho chisanafike. Ndinkawaseka mumtima, poti ine ndinali nditaphunzira sayansi ndipo ndinkadziona ngati dokotala, ngakhale magambutsi anali aakulu mwakuti ndinkayenda ngati bakha.

Amai anga ndi a mpingo wa zovala zoyera umene uli kuseri kwa msika. M'bwalo la tchalitchicho muli chitsime chimene ba Bishopu amati anachiona m'maloto asanachikumbe, ndipo madzi ake amati amachiritsa. Mpingo umenewo sindingaunyoze. Atamwalira atate, amayi a mumpingo ndiwo anaphika pamaliro, ndipo chipinda chimene timagona ndi cha mkulu wa mpingo. Ba Mulenga atamva kuti ndine mwana wa pomwepo, ananditumiza ine kukatapa madziwo, poti mlendo wovala vesti sakanadutsa pageti. Kabotoloko ndinakabisa m'kamisolo kuti kazifunda ndi thupi, ndipo ndinagona nako pamatilesi amodzi ndi amai. Pofika mkuja, madzi aja anali bii, akununkha ngati dzira lowola.

Loweruka la sabata yomweyo ba Bishopu anaitanitsa pemphero lalikulu lothamangitsa matenda. Banja lililonse linayenera kutunga ndowa pachitsimecho n'kukamwetsa a m'nyumba mwake.

M'mawa mwake anthu atatu anandilankhula, aliyense yekhayekha. Ba Mulenga anayang'ana kabotolo kaja n'kupukusa mutu. Anati kukwirira chitsime ndi ntchito ya akhonsolo, ndipo akhonsolo sabwera Loweruka. "Yenda ukaimilile pageti na sirinji. Bakuziba baja, bazakumvela." Ndisanafike patali, minibasi ya anyamata a chipani inaima pafupi nane, ba Tcheyamani n'kutulutsa mutu pawindo. "Namvela ati ufuna kuvuta ba Bishopu. Tchalichi ija ili na mavoti. Nikakuona kuja na vesti, nchito yasila." Nditadzera kunyumba ndinapeza amai akusita diresi lawo loyera. Sanakweze mawu. "Mwana wanga, manzi yopempheleledwa sibaikamo mankhwala. Ukanichitisa nsoni lelo bazatichosa muno. Tizagona kuti?"

Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuganiza. Ndikapita, ntchito yatha ndipo mwina nyumba yomwe. Ndikapanda kupita, mpingo wonse ukumwa zimene ndanunkhiza ndi mphuno yangayi. Pomaliza ndinachita zapakatikati, zimene sizinakondweretse aliyense. Vesti ndinaipinda n'kuiika m'pulasitiki, chigubu ndinakulunga m'chitenje, n'kukaima pageti ndi sirinji m'manja.

Anayamba kutuluka dzuwa litafika paliwombo, ali pamzere, akuimba, ndowa zili pamutu. Ambiri anali amayi amene anandiberekapo kumbuyo ndili khanda. Ndinkapereka moni kwa aliyense n'kupempha kuti atule pang'ono. Ena ankayang'ana kumbali. Mmodzi anati, "Ka Esinati kakhala dokota manje," anzake n'kuseka. Panalibe amene anatula. Madzi ankangondidutsa pamwamba, akutayikira pang'ono pamapewa a zovala zoyera, ine manja ali lende.

Kenako anatulukira amai. Ndinaima kutsogolo kwawo n'kutulutsa kabotolo kakuda kaja. "Amai, onani. Aya ni manzi yamene mwanyamula. Tulani chabe, nipapata," ndinawachonderera.

Anayang'ana kabotoloko, n'kundiyang'ana ine. "Botolo yako ni yakuda, manzi yanga ni yoyela. Niona na menso yanga. Choka panjila."

Ndine wamtali kuposa amai. Ndikanangokweza dzanja, mankhwala akanalowa m'ndowa iwo asanazindikire. Dzanjalo linakweradi mpaka paphewa pawo, kenako linaima. Ndinaona kuti akanangomva fungo la klorini akanataya madzi onse n'kubwerera kukatunga ena, ndipo kuyambira tsikulo sakanalandiranso kapu ya madzi kuchokera m'manja mwanga. Ndinapatuka, iwo n'kudutsa. Titafika kunyumba anatunga kapu yodzaza, n'kumwa akundiyang'ana m'maso. Ndinalira ngati mwana, chifukwa cha mantha ndi mkwiyo womwe.

Pasanapite masiku ambiri amai anadwala, ndipo ndinawakankha pawilibala kupita nawo kutenti ya kolera ku kiliniki, m'matope ofika m'akakolo. Anawagoneka pabedi lobooka pakati, diripi m'manja onse awiri, maso atalowa mkati. Anachira, tithokoze Mulungu. Mayi wina wa m'kwaya amene anagona pafupi nawo sanatuluke wamoyo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti amai atachira, aliyense anatenga kuchirako kukhala kwake. Ba Bishopu anawaimiritsa kutsogolo kwa mpingo kuti ndi umboni wa pemphero. Ba Tcheyamani anajambulitsa pafupi ndi tenti, n'kumatumizira anthu pafoni kuti chipani ndicho chinabweretsa thandizo. Ba Mulenga anati ndi diripi, ndipo ine ndinagwirizana nawo, koma ndife awiri tokha amene tinkanena zimenezo. Chitsime chija anachivundikira ndi lata kwa kanthawi, mvula itatha lata lija linabwerera padenga la khitchini ya mpingo. Ine ntchito inathadi, poti wina anakauza ba Tcheyamani kuti anandiona pageti, vesti kapena ayi. Ndinabweza magambutsi ndi chigubu. Sirinji sanaifunse.

Lamlungu lina amai anabwera kuchokera kutchalitchi atasenza ndowa ya madzi a pachitsime chomwe chija. Analowa m'nyumba, anatseka chitseko ndi phazi, n'kutula ndowayo pamapazi panga.

"Thila," anatero. "Pang'ono chabe. Nizapemphelela pambuyo."

Ndinathamangira pakantemba, kagolosale ka pafupi, kukagula kabotolo ka klorini. Ndinathira, tinadikira limodzi theka la ola, kenako iwo anaika dzanja pamwamba pa ndowa n'kupemphera pemphero lalitali, lotchula ngakhale agogo a ku Katete. Atati ameni anawonjezera kuti, "Ba Bishopu basamvele."

Mpaka lero tikukhala m'chipinda chomwecho, ba Tcheyamani akugawabe ntchito, ndipo mzere wa ndowa umatulukabe pageti paja. Pa ntchito yonseyo ndinatolapo lamulo la ba Mulenga lija. Ndinkaganiza kuti munthu ukamuonetsa botolo lakuda nkhani yatha, koma ndowa imathiridwa mankhwala mwini wake akaitula. Mwa ndowa zonse za mpingo uja, ine yonditulira ndi imodzi, ndipo imatulidwa chitseko chitatsekedwa.