Valentino ndi Filimu ya Ng'ona

Valentino anatsika ku Feira kuchokera ku Mburuma fungo la mbuzi lidakali m'malaya. Makala anamukana, khasu linamukana, ndiye anapeza ntchito yoyenera munthu wa pakamwa: kuonetsa vidiyo. Anamanga chisakasa cha mphasa kuseri kwa msika, TV pamwamba pa diramu, jenereta ikutsokomola panja. Ine ndimakonza njinga pafupi pomwepo, choncho zonsezi zinkalowa zokha m'makutu mwanga.

Chizungu chake chinali chopunduka, koma ankaima pambali pa TV n'kumamasulira filimu yonse. Mzungu akalankhula mpaka kutuluka thukuta, iye ankangoti, "Akuti tiyeni." Ndipo chimbale chatsopano chikangotsika m'basi ya ku Lusaka, ankachiweruza ngati anachipanga ndi amalume ake.

"Mafilimu a karate a chaka chino," ankatero, "mateche ali bwino, koma nkhani mulibe. Mphunzitsi waphedwa, wophunzira wakwiya, basi. Ankhondo ndi phokoso chabe, munthu mmodzi kupha gulu lonse chipewa osagwa. Achikondi ndiye ayi, anthu akuluakulu kuthamangitsana m'maluwa ngati kwawo kulibe minda. A ku Nigeria kulira amadziwa, koma mfiti yake imachita kuonekeratu kuti aipaka ufa." Oseketsa ankawanyoza koposa, poti nthabwala zake sankazimva.

Pakhomo pa chisakasacho pankakhala Alzira, mtsikana wa kutsidya ku Zumbo, akukazinga nsomba. Kaya mtsikanayo anaona chiyani mwa Valentino mpaka kumulola, sindidziwa, mwina utsi unamulowa m'maso. Nkhani ya ukwati itafika kwawo, amayi ake, Mayi Genoveva, anati sayankha asanaione ndi maso ntchito ya mwamunayo. Anati adzawoloka Loweruka m'mawa pa bwato la Yoram, n'kubwerera madzulo ake.

Mlungu wonse Valentino anali kusanthula zimbale pa benchi langa.

"Yankhondo ayi, anthu a kutsidya aja anathawapo nkhondo yeniyeni. Yachikondi, ndingaime bwanji pamaso pa apongozi anthu akupsopsonana? Ya mfiti, amayi aja ndi a kwaya."

Kenako anatulutsa yatsopano, ya ching'ona chachikulu chodya azungu. "Iyi ndiye ya kwawo. Adzamva ngati ali pakhomo."

Ndikanamuchenjeza, koma sanandifunse, ankangolankhula. Asodzi ambiri amene ndimawadziwa, makamaka a banja la Mayi Genoveva, tsiku lowoloka mtsinje chilombo chija sachitchula dzina. Amangoti "mwini madzi". Kuchitchula, amati, n'kuchiitana. Mwana wa ku Mburuma akanadziwira kuti? Kwawo mbuzi amaitchula tsiku lonse, siimuluma.

Loweruka masana chisakasa chinadzaza. Valentino anabwereka mpando wa ndalema, anagwada, anaomba m'manja, anawakhazika amayiwo patsogolo penipeni. Filimu itangoyamba, anayamba kufuula:

"Ng'ona iyo! Ng'ona yafika! Taonani mano a ng'ona, abale!"

Filimu yakeyo inalinso yachabechabe. Chilombo chinkabangula ngati mkango, n'kuthamangitsa galimoto mumsewu.

"Iwe Vale," anakuwa Yoram kumbuyo, "imeneyi ndi ya mtsinje uti, yodziwa kubangula? Kapena ili ndi chifuwa?"

Asodzi anaseka, koma palibe ngakhale mmodzi amene anaitchula dzina. Mayi Genoveva anangouma pampando, kolona ali m'manja. Alzira anasuzumira pakhomo n'kumutuzulira maso Valentino. Iye anayesa akumusirira, anakweza mawu. Mpaka anawerama kwa mlendo wake kuti amuonetse ukatswiri.

"Pokoma pa filimu iyi, mayi, ndi pamene ng'ona igubuduza bwato. Polakwika pake, mayi wachikulire ujayo yamumeza msanga. Akanatisiyira kaye timuone akuphupha."

Amayiwo anaimirira.

"Alzira, abambo awa achiitana kangati?"

"Kuyambira poyamba paja, mama."

"Yoram, lero ine bwato sindikwera."

"Ngakhale ine, mayi, nkhafi ndaiika pansi," anatero Yoram. Kuseka kunali kutamuthera.

Apa m'pamene wina anamunong'oneza Valentino chimene wachita. Anagwa pa maondo, filimu ikubangulabe kumbuyo kwake.

"Pepani, mayi, n'chithunzi chabe. N'chapulasitiki chimenechi, amachikoka ndi waya."

"Cha m'bokosi mwanumo n'chapulasitiki, bambo. Chimene chakumvani kumtsinje si chapulasitiki."

Amayiwo anagona masiku atatu kwa mbale wawo ku Feira komweko. Valentino anatumiza nkhuku, inabwezedwa. Anatumiza mkulu woti akamupepesere, anabwera ndi mawu akuti: "Adzukulu anga azidzawoloka mtsinje uno pobwera kudzandiona. Sindingawapatse bambo wa pakamwa potero."

Lolemba m'mawa bwato linanyamuka. Munali amayiwo, Alzira, chiwaya chake chokazingira nsomba ndi kambaula komwe. Valentino anaima kumtunda, kutali bwino ndi madzi, akukupiza dzanja ngati pali amene akumuyang'ana. Alzira anakwatiwa chaka chotsatira ndi wosema mabwato wa ku Zumbo komweko, munthu amene angathe kukhala tsiku lonse osatsegula pakamwa.