Tsiku lomwe tinaika Layisoni

Ndinadzuka kusanache, moto wa pasiwa utatsala makala okha. Amayi a kumpingo anali atasasa mawu ndi kuimba. Chiperoni chinali chitaphimba phiri la Bangwe, ndipo achinansi ankauzira nkhuni zonyowa pansi pa migolo ya nyemba.

Womwalirayo anali mng'ono wanga Layisoni. Tonse tinkagwira ntchito kukwale, pa chigayo chophwanya miyala, ndipo ntchitoyo ndinamupezera ndine. Chaka chatha kunabwera mayi wina wa sayansi kudzayeza fumbi. Anasankha Layisoni, nammangirira pachifuwa kachipangizo kokoka mpweya. Ine, amene ndinayamba kutsokomola iye asanalembedwe n'komwe, anangondidutsa. Mayiyo atapeza kuti fumbi la miyala likudya mapapo, kampani inayamba kuwaza madzi pachigayo, ndipo anthu ankati ndi madzi a Layisoni.

Kutacha, anzathu a kukwale anafika pa lole, ena wapansi kuchokera ku Limbe. Ankandipatsa moni mwachangu n'kupitirira. Ndinayamba kuwerenga mitu, ndikudzifunsa kuti pa maliro anga adzabwera angati.

Atcheyamani a chipani anandikokera kuseri kwa bafa.

"Achimwene, mbiri ya matenda mufotokoza ndinu. Mungoti chinali chifuwa. Za fumbi zimakwiyitsa akuluakulu, mwamva?"

Ndinavomera msanga, ndipo mtima unakhala pansi. Chifuwa amafa nacho aliyense, sichipatsa munthu dzina.

Bokosi silinakwere lole. Anzathu analinyamula pamapewa, akulandirana m'matope mpaka kumanda. Mayi wa sayansi uja anali kumbuyo, atavala chitenje mokhota, akulira ngati wachibale. Mwambo wa mpingo utatha, woyendetsa maliro anandiitana kuti ndifotokoze mbiri ya matenda.

"Mng'ono wanga anadwala chifuwa," ndinatero.

Pomwepo changa chinandigwira. Ndinawerama, ndikutsokomola mpaka misozi. Palibe anandiyang'ana. Maso onse anali pa bokosi. Mtima unandiwawa.

"Chinali chifuwa cha fumbi la kukwale!" ndinakuwa. "Linamudya ndi fumbi. Lomwelo lili muno mwanga, ndipo linayamba ndi ine!"

Kenaka bambo wina wa pachigayo anati, "Zoona, madala," ena n'kuvomereza chapansipansi. Atcheyamani anavala chipewa, nachoka dothi lisanathiridwe.

Pobwerera, anthu ankati Layisoni walankhula kudzera mwa mkulu wake. Ngakhale mawu anga anakhala ake.

Madzulo anthu anabalalika mofulumira kuposa masiku onse. Achinansi anatenga mabenchi awo osalowa kudzatsanzika. Alamu anga, mkazi wa malemu, anandiikira madzi otentha pakhomo.

"Alamu, mwanena ndinu. Ine ndamva," anatero, n'kulowa kuchipinda.

Ndinakhala ndekha pabalaza, nsapato zili kuphazi, jekete lili pamwendo. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, ndinkadziletsa kutsokomola kuti ndimve ngati yaima kudzanditenga.