Mankhusu mu Motori wa Ababa

Ndikukumbukira galimoto yathu ili pansi pa mulu wa mapesi, kuseri kwa nkhokwe, kwathu ku Malowera. Inali yobiriwira, yopanda denga kumbuyo, ndipo anaisiya ndi mzungu wa kantina, sitolo ya pamudzi, pamene Apwitikizi ankachoka. Ababa anamugwirira ntchito mzungu ameneyo zaka zambiri, kunyamula matumba ndi kutsuka matayala. Kuyendetsa anaphunzira ndi maso, koma chivundikiro cha motori sankaloledwa ngakhale kuchikhudza.

Nkhondo itafika, kukhala ndi galimoto kunasanduka mlandu. Aliyense wa mfuti, wa mbali iyi kaya iyo, akaiona ankailanda, mwiniwake n'kumumenya. Ndiye Ababa anaikwirira ndi mapesi ndi makoko a chimanga, pafupi ndi pomwe ife atsikana tinkapetera. Poopa kuti ingafe ndi kukhala, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankafukula pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, n'kupukusa chitsulo cholizira, motori n'kumalira m'kati mwa mulu momwemo. Mulu wonse unkanjenjemera, nkhuku balala! Ife ana tinkati mapesi akupemphera.

Mphamvu za galimotoyo sizinathe tsiku limodzi ayi. Inayamba ndi kuchedwa kudzuka. Kenako, akaitulutsa mobisa kukatenga wodwala, chitunda cha kudambo chimene kale inkakwera ikuimba inayamba kuchikwera mokwawa, utsi wakuda bii m'mbuyo, gazolina n'kumatha msanga. Amalume a Zuze, mlongo wawo wa Amayi, munthu wa pakamwa, anati, "Alamu, galimoto iyi ikulira mwiniwake. Mwaitsirirako ufa?" Ababa, amene ankatsogolera mapemphero pampingo, anangowayang'ana.

Chaka chimenecho Amayi anali oyembekezera, miyezi itatsala pang'ono kukwana. Miyendo inatupa, mpweya unkawaperewera, moti kuchoka pakhonde kufika pankhokwe unali ulendo. Mfuti zinayamba kumveka cha ku Fingoe, kenako pafupi. Mabanja anamanga mitolo n'kuyamba kulowera ku Zambia wapansi, koma Amayi sakanatha. Pakati pa ife ndi malire panali phiri la miyala, ndipo Ababa atakaiyesa galimoto yopanda katundu, inafika pakati n'kubwerera chambuyo. Anatiitana ana tonse nati, "Mayi anu akatsala, inenso ndikutsala. Inu mupita ndi amalume anu." Ndinalira ine, mpaka mawu anasasa.

M'mawa mwake Ababa anachita chimene anali asanachitepo. Anatsegula chivundikiro chija. Kalanga ine, zinthu zake! Mapaipi, nthambo, zitsulo zopiringizana, fungo la oliyo wopsa. Anayala mphasa, ndipo chilichonse chimene ankamasula ankachiika motsatana, kuti pobwezera asasokoneze. Mavela, tija timathetheka moto m'motori, anawapeza atada ndi mwaye, n'kuwapala ndi kampeni. Gazolina anamusefa ndi chipewa chawo cha kutchalitchi. Kapaipi ka mafuta anakauzira ndi pakamwa, n'kulavula, maso ali misozi. Ndinkawayang'ana manja awo, manja omwe aja a khasu, ndipo ndinachita mantha ndi ulemu nthawi imodzi. Atabwezera zonse anapukusa. Inalira, koma mobanika monga kale.

Amayi anali chigonere pamthunzi, akumvetsera. Anati, "Bambo a Lusiya, tamverani bwino. Ikupuma ngati ine. Kodi imapumira pati?"

Ababa anaika pansi chitsulo cholizira. Kenako anatsata ndi dzanja chipaipi chachikulu chochoka pamwamba pa motori, mpaka anafika pa chitini chonga mphika, chomangidwa ndi tingowe. Anamasula tingowe tija n'kusuzumira. Mayo! Pansi pake pamayenera kukhala oliyo wogwira fumbi, koma munali phala lakuda louma gwa, mankhusu, ndevu za chimanga, anankafumbwe akufa. Sefa yake ya waya inali itamatika yonse, kopanda poti mpweya n'kudzera. Lamulungu lililonse motori uja ankakoka zinyalala za mulu ndi zopeta zathu.

Ababa anakhala pansi chitini chili m'manja. "Ndaitsamwitsa ndekha," anatero motsitsa, "ine ndimati ndikuisamala."

"Ndiye ufa inadya kale, alamu," anatero amalume. Amayi anaseka mpaka kugwira mimba.

Ababa anapala phala lija ndi supuni, sefa anaitsuka ndi gazolina wa m'kapu n'kuiyanika padzuwa, nathira oliyo wotsala m'kachitini ka kukantina. Atapukusa, abale inu, sindinamvepo mawu otero. Inabangula, nthaka n'kugwedezeka kumapazi kwanga, utsi wakuda uja n'kuyamba kuyera ndikuona. Ndinaombera m'manja osadziwa kuti ndikuombera.

Tinanyamuka masana omwewo, Amayi atagona pamphasa kumbuyo, ife titawazungulira. Kenako tinafika paphiri lija. Pamwala pomwe inabwerera dzulo lake paja, motori anasintha mawu, galimoto n'kuchita ngati yaima. Amayi anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Ndiye inakoka. Miyala inkathawa pansi pa matayala, ife n'kumakwerabe, mpaka ndinaona mitengo ya tsidya linalo ili pansi pathu. Ababa sanatembenuke, koma malaya awo anali atanyowa msana wonse.

Gazolina anathera pamudzi woyamba wa ku Zambia, ndipo galimoto tinaisiya pansi pa mtengo. Sitinaionenso. Mlongo wanga Mateyu anabadwira pamudzi pomwepo sabata isanathe.

Lero Mateyu ali ndi njinga yamoto, amanyamula anthu okumba golide ku Fingoe. Ikangotsokomola pang'ono, wathamangira kwa mekaniko, ndipo magalimoto a masiku ano ndimamva kuti ngakhale eni ake satsegula. Ndikamufunsa ngati wayang'ana pomwe imapumira, amaseka, amati alongo mudziwa chiyani za motori. Ndimamuuza kuti achepetse matama. Nthenda ya galimoto ija inadziwika chifukwa cha iye, poti ndiye ankawabanikitsa Amayi, ndipo phiri lija analikwera asanabadwe.