Chitseko cha Matabwa Atatu

Mawu akuti "wakuba" ndinawatchula ndine. Ndiyambe ndavomera zimenezo, chifukwa anthu a kwathu kuno akamakumbutsana za mlandu wa chitseko amati mlongo wanga ndiye anali wapakamwa. Pakamwa ali napo ndithu, sindikana. Koma amene anaimirira pagulu n'kuloza mlamu wanga chala ndine, nkhoswe wa mkaziyo.

Mlamu wangayo ndi mmisiri wa matabwa. Anabwera kwathu, kufupi ndi Fonte Boa, kudzakhala chikamwini nkhondo isanatithamangitsire ku Malawi, ndipo anakhala ndi mlongo wanga zaka zoposa makumi atatu. Chimene chinathetsa ukwati wawo musandifunse. Panalibe mkazi wina, panalibe mowa. Mkazi ankalankhula kosapuma, mwamuna ankangoti chete, ndipo aliyense ankaona khalidwe la mnzake ngati chipongwe. Ife ankhoswe tinayenda mpaka nsapato kutha. Potsiriza onse awiri anati basi, tatopa.

Kugawa katundu sikunavute. Mwambo wathu ngodziwika: nyumba ndi munda ndi za mkazi ndi ana, mkamwini amachoka ndi zimene manja ake amagwiritsa ntchito. Mlamu anatenga macheka, nyundo, landa yopalira matabwa, njinga ndi bulangete. Nkhokwe ya chimanga sanaiyang'ane n'komwe. Nkhumba ziwiri, mbewu ya kachewere, radiyo, zonse anasiya. Abale anga anayamba kumuyamikira kuti wachoka ngati munthu wamkulu, ndipo ine ndinagona tulo tabwino sabata imeneyo.

Lamulungu lotsatira, tonse tili ku Misa, anabwerera n'kuzula chitseko cha nyumba.

Unali mwezi wozizira, uja mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Mlongo wanga pochokera ku tchalitchi anapeza khomo lili pululu, nkhuku zili patebulo. Anathamangira kwa ine chitenje chake, kapulana, chili m'manja, akukuwa njira yonse.

"Achimwene, andibera! Bambo aja andibera chitseko! Mukapanda kuyankhula inu, mawa ndikwera minibasi ya shapa ndikawasumire kwa apolisi ku esikwadira ku Ulongwe!"

Ndinamuuza kuti mtima pansi, chitseko n'chakale, chakuda ndi utsi, ana ake angamugulire chatsopano cha loko wabwino. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anati akufuna chomwecho, osati china. Ine ndinkati ndi liuma lake la masiku onse, lija analitengera kwa amayi.

Chifukwa chimene mlamu anazulira chitsekocho ndinkachidziwa. Pa dziko lonse tinkachidziwa anthu awiri okha, iye ndi ine. Ndi mmene ndinkaganizira.

Tili kothawa nkhondo cha ku Dedza, mwana wawo woyamba, mtsikana wa zaka zinayi, anamwalira ndi chikuku. Masiku amenewo ana ambiri a othawa ankaikidwa m'manda atakulungidwa m'mphasa. Mlamu anakana. Anavula jekete lake lokhalo, tinakwera phiri awiri kwa ocheka matabwa, n'kulisinthanitsa ndi matabwa asanu ndi limodzi a paini. Koma bokosi la mwana n'laling'ono. Linangodya atatu. Akuluakulu a pamaliro anati otsalawo atenthedwe, chifukwa zotsala za bokosi sizilowa m'nyumba ya amoyo. Mlamu anavomera ndi mutu, kenako anakawabisa kudenga la chisakasa changa.

Nkhondo itatha, tikumanga katundu wobwerera, anawatsitsa n'kupanga chitseko. Kwa anthu ananena kuti wagula matabwa atsopano. Kwa ine anati, "Alamu, manda sitinganyamule. Koma mlongo wanu asamve." Tinachimangirira panjinga, tinakankha mosinthana kudutsa pamalire pa Kalomwe mpaka kuno. Manda aja anatsala kutsidya, ndipo lero ngakhale mutandiperekeza sindingaloze pamene pali mtumbira wake.

Mlandu unakambidwa pakhomo pa a sekeretaliyo a dera lathu, oweruza milandu ya m'mudzi, Lachitatu m'mawa. Anthu anadzaza ngati kukugawidwa feteleza. Mlandu wa chitseko ndani akanafuna kuuphonya? Mlamu anakhala pa kampando, chipewa chili pabondo, nkhoswe wake pambali. Mlongo wanga anayala mlandu wake momveka bwino: chitseko ndi nyumba, nyumba ndi yake, ndipo masiku atatu wagona atatchinga khomo ndi thumba ngati wamasiye.

A sekeretaliyo anatembenukira kwa mlamu. "Bambo, chitseko n'cha nyumba kapena n'cha mmisiri?"

"Ndinapala ndine," anayankha.

"Palinso china?"

"Ndinapala ndine."

Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ndiye tikatseke msanga kwathu, nafenso anatipalira ndi omwewa! Ku esikola kophunzirira ana nakonso achenjere!" Anthu anafa nacho chiseko. Mlamu sanaseke. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, kamodzi kokha, kenako anabwezera maso pa chipewa chake.

Mpaka lero sindidziwa ngati maso amenewo ankati yankhulani kapena khalani chete. Chimene ndikudziwa ndi chimene chinali m'mutu mwanga. Ndikanena za matabwa, mawa lomwe mudzi wonse ukanati mmisiri uja ngokhwima, anagoneka banja lake kuseri kwa bokosi la maliro. Matenda onse amene anagwapo m'nyumba imeneyo akanawapezera mwini. Ndinadziuza kuti ndikumuteteza. Koma ndinene zoona, ndinkadziopera ndekha. Mlongo wanga akanadziwa kuti mchimwene wake, nkhoswe wake, wamubisira chinthu chotere zaka zonsezi, ndipo abale akanandifunsa kuti ndinkaimira mbali iti. Amalume anali atayamba kale kundigunda ndi chigongono kuti ndiimirire.

Ndinaimirira. Ndikanatha kunena kuti mlamu analakwitsa, anatenga mosapempha, abweze zithe. Mawu ofewa analipo ambiri. Koma munthu ukamabisa kanthu umakweza mawu kuposa muyeso.

"Munthu wochotsa chinthu eni ake ali ku Misa," ndinatero, "dzina lake ndi limodzi. Ndi wakuba."

Akanena mkazi wokwiya, anthu amati ndi mkwiyo. Koma ndinanena ine, amene aliyense ankadziwa kuti ndinadya naye mbale imodzi kothawa nkhondo. A sekeretaliyo anagamula kuti za ku esikwadira zisakhalepo, koma chitseko chibwerere, ndipo achiike yekha wochizulayo. Ndinabwerera kunyumba abale akundigwira chanza, ine ndili ndi manyazi.

M'mawa mwake anabwera nacho panjinga. Ndinapita kukaonerera monga nkhoswe. Mlongo wanga anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero, ndipo sanamupatse moni. Mlamu anaimika chitseko pamphuthu, akufunafuna misomali m'thumba. Thabwa lapakati lili ndi mfundo yaikulu yakuda, yooneka mbali imodzi yokha. Mlongo wanga, maso ali pa nyemba, anati, "Mfundoyo iyang'ane m'kati, monga kale."

Mlamu anakhomera, anayesa kutsegula ndi kutseka kawiri, anatola zida zake n'kumapita. Atazimiririka kuseri kwa munda, ndinayamba kumudzudzula mlongo wanga kuti taona, tamuchotsera munthu ulemu chifukwa cha matabwa akale.

Anaika lichero pansi. "Achimwene, kuphiri kuja munatsika ndi matabwa angati?"

Sanadikire kuti ndiyankhe.

"Asanu ndi limodzi. Ndinkalira, koma maso ndinali nawo. Bokosi la mwana wanga linadya atatu. Mumayesa sindidziwa kuwerenga?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana. "Mfundo imeneyo ndimaigwira m'mawa uliwonse ndisanatuluke. Ndiye munthu angobwera n'kunditengera?"

"Nanga bwanji sunawauze kuti ukudziwa?"

"Iwo anandiuza?"

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo. Anthu awiri anagona kuseri kwa chitseko chimodzi zaka makumi atatu, aliyense akulira mwana yemweyo payekha, aliyense osamuuza mnzake. Ine amene ntchito yanga inali kuwalumikiza ndinasunga chinsinsi chimene sichinali chinsinsi, ndipo ndinkadzitama nacho mumtima kuti ndine munthu wosunga pakamwa.

Dzina lija la wakuba linamukakamira mlamu. Mmisiri wa zitseko amafunika kulowa m'nyumba kukayeza khomo, ndipo palibe amene amalowetsa wakuba. Ntchito zinayamba kupita kwa ena. Tsopano amakhala kwa abale ake kufupi ndi Ulongwe, amakhoma timipando ndi mabenchi n'kumagulitsa kuseri kwa msika. Panapita miyezi ndisanalimbe mtima kukamuona. Pofunsa njira, mayi wogulitsa tomato anati, "Mukufuna madala aja anaba chitseko?"

Ndinamupeza akupala thabwa. Anandilandira bwino, anandipatsa kampando katsopano kuti ndikhalire, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama. Ndinamuuza zonse, kuti mkazi wake anawerenga matabwa tsiku lomwelo, ndiponso za mfundo ija. Anaika landa pathabwa. Ndinati ndikufuna kubwerera kwa a sekeretaliyo, ndiitanitse anthu omwe aja, ndinene zoona ndi kubweza mawu anga.

"Ayi, alamu," anatero. "Dzina la wakuba ndisenza ndekha. La ufiti likagwera ana ndi zidzukulu. Zisiyeni."

Ndinapepesa. Anangogwedeza mutu n'kuyambanso kupala. Nditaimirira kuti nditsanzike, anandiitana osadzutsa maso.

"Mvula ikayamba chitseko chija chimafufuma m'munsi, chimavuta kutseka. Mukachipale pang'ono, iwo sangathe okha." Anapukusa fumbi pathabwa ndi chikhatho. "Koma zopalidwazo musatenthe. Mudzandibweretsere."