Galimoto ya Mtchona

Chaka chotsatira ufulu wa Zambia, azungu ena a pamgodi ku Kitwe anayamba kumanga katundu. Kingsford, kalaliki wochokera ku Nkhoma, anagula nyumba kwa mzungu amene anthu ankangomutcha Futseki, poti mawu amenewo ndiwo anali moni wake. Mkazi wa Kingsford, Keziya, anasamuka ku Wusakile akuimba nyimbo za kutchalitchi njira yonse. Atafika, nyimbo ija inathera pammero. Pansi pa mtengo wa mango, pamalo amene iye anali atapangira kale dimba la mpiru mumtima mwake, panali galimoto yakuda ili waliwali, ndipo mkulu wina waimvi anali kuipukuta.

"Moni, dona," anatero mkuluyo atavula chipewa.

"Dona wake uti? Ine ndine Keziya. Inu ndinu yani, nanga chigalimotochi chikufunanji pakhomo panga?"

"Ndine Abraham, mayi, khuki wa bwana. Galimotoyi ndi yanga. Bwana wandipatsa."

Keziya anaomba m'manja. Asa! Munthu kugula nyumba, akupatsenso nkhalamba ya basera? Madzulo anapanikiza mwamuna wake, koma Kingsford anangoti walira mvula walira matope, n'kubisa nkhope m'nyuzipepala. Amuna ena inu, kuofesi mikango, kunyumba nkhosa.

Mbiri ya Abraham anaimva pang'onopang'ono, chifukwa mkuluyo ankagonabe m'kanyumba ka antchito kuseri ndipo kumuthamangitsa kunamukanika. Anachoka ku Katete ali mnyamata, kudzafuna ya msonkho ndi ya bulangeti. Anagwira pansi pamgodi mpaka chifuwa chinamutulutsa, kenaka analowa m'khitchini mwa Futseki. Zaka zinapita. Makolo ake anamwalira iye osaponyako dothi, ndipo kumudzi anayamba kumutchula dzina lija loluma, mtchona, munthu amene tauni inamumeza. Mwa abale ake panatsala mlongo wake yekha, Anastasia.

"Nanga osangokwera basi bwanji, madala?" Keziya anamufunsa tsiku lina.

"Ndikafike ndi chiyani, mayi? Ndi chifuwachi? Mtchona wobwera chimanjamanja ana amamuseka. Koma ndikatsika m'galimoto, akamwa onse atsekeka. Ndatumiza kale uthenga kwa Anastasia kuti alambule njira mpaka pakhomo."

Kuyendetsa sankadziwa, koma ankati mnzake wa kutchalitchi cha Akatolika adzamuyendetsera. Chovuta, anatero, chinali batire basi. Sabata yomaliza asananyamuke, bwana anamutuma ku Ndola kukalondera mabokosi pasiteshoni ya sitima. Pobwera anapeza galimoto ili pansi pa mtengo, bwana n'kumuika kiyi m'dzanja, amvekere batire yafooka. Lamulo lakale ndiye silinasinthe: khuki amatsuka galimoto, koma boneti sakhudza. Abraham analisunga lamulolo ngati la Mose, ngakhale mwini wake anali atawoloka kale Zambezi.

Keziya anaona kuti mwayi ndi womwewu. Galimoto ikalira, nkhalamba ipita, mpiru umera. Loweruka anaitana Festus, makaniko wa Chibemba wa ku Kamitondo, amene anabwera ndi batire pa njinga. Abraham anavala jekete la kutchalitchi, anaika sutikesi yake pampando wakumbuyo, n'kuima pambali manja ali kumbuyo ngati mwana wodikira ubatizo. Anthu oyandikana nawo anasuzumira pampanda.

Festus anakweza boneti. Anayang'ana m'katimo, anayang'ana Keziya, anayang'ananso m'katimo.

"Mukwai, bwerani muone," anatero motsitsa mawu.

Keziya anasendera. Mayo ine! Munalibe kanthu. Pamene pamakhala injini panali chibowo, ndipo pansi pake udzu unkaoneka bwinobwino, wofiira chifukwa chosowa dzuwa. Mawaya anali lendelende. Kangaude anali atamanga kale nyumba yake.

"Injini ili kuti?" Keziya anafunsa.

Festus anapukusa mutu. Anati tsopano wakumbuka: masabata apitawo mlimi wina wa kunjira ya ku Kalulushi anagula injini kwa mzungu wonyamuka, yoti izizunguza chigayo. Ndiye kuti pamene Abraham ankalumidwa ndi udzudzu pasiteshoni ku Ndola, bwana wake anali kalikiliki ndi sipanala. Zoona munthu amene wakuphikira mpaka imvi, wakulerera ana, n'kumusiyira chigoba? Ine nkhaniyi ikafika apa magazi amandiwira mpaka lero.

Abraham anabwera pang'onopang'ono. Aka kanali koyamba m'moyo wake kuona m'kati mwa boneti. Anayang'anitsitsa chibowo chija. Kenaka anafunsa funso limene Keziya sanaliiwale mpaka ukalamba wake.

"A Festus, kodi popanda chimenecho singayendeko pang'ono? Ngakhale pang'onopang'ono, ine sindikufulumira."

Palibe anaseka. Aja a pampanda anazemba mmodzimmodzi. Festus anamangiriranso batire yake pa njinga n'kuchoka osatsanzika. Abraham anatseka boneti ndi manja awiri, mosamala, anapukuta ndi mkono wa jekete pamene panadetsedwa ndi zala za makaniko, n'kutenga sutikesi yake kubwerera nayo kuseri. Keziya analowa m'nyumba, anakhala pansi pasimenti, analira ndi ukali.

Kingsford anati aitane a zitsulo zakutha adzaikoke galimotoyo Lolemba. Koma Lolemba m'mawa Keziya atatsegula zenera anaona Abraham ali ndi ndowa ndi kansanza, akutsuka matayala monga mwa masiku onse.

"Aliyense wokhudza galimoto ija athana ndi ine," anauza mwamuna wake. Mpiru anakaudzala kuseri kwa bafa.

Keziya anamuchonderera Abraham kangapo kuti amulipirire basi yopita kwawo, koma mkuluyo ankangoti aganiza. Kumuuza kuti atumize uthenga wina woti galimoto yafa, ayi, ankati Anastasia asamve. Mkuwa unakwera mtengo, Kingsford anagula galimoto yakeyake yoyenda, ana awo anakula akubisalirana m'chigoba chija. Matayala anaphwa, koma utoto sunachite dzimbiri ngakhale kadontho. Chifuwa chija ndicho sichinaphwe, ndipo pa mvula ya chaka china chinamutenga Abraham.

Anastasia anafika maliro ataikidwa kale, mayi wamng'ono thupi, wowerama, korona ili m'khosi. Atalira kumanda, Keziya anabwera naye kunyumba kuti adzatenge sutikesi. Pageti mayiyo anaima, maso ali pansi pa mtengo wa mango.

"Ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyo, amayi."

Anaizungulira, akuisisita ndi chikhatho. "Ndiye sananame mlongo wanga. Kumudzi ankati mtchona wabodza, galimoto angaione kuti khuki. Ine chaka chilichonse mvula ikatha ndimalambula njira ija ndekha, kuyambira pamsewu mpaka pakhomo, anthu akundiseka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Nanga galimoto ili apa, yabwinobwino chonchi, sanabwere bwanji?"

Dzanja lake linali litagona pa boneti, pafupi ndi potsegulira. Keziya, mayi wa chigwirizano amene sankalola bodza ngakhale la mwana, analigwira dzanjalo n'kulichotsapo mwaulemu.

"Anali atakonzeka, amayi," anatero. "Batire yokha ndiyo inafooka."