Vinsenti ndi Makina Ofufuzira Nsomba

Inu amene mukuona ngati zanu zatha, tamvani za Vinsenti wa ku Kabwazi.

Mu 1986 Vinsenti ankacheka matabwa m'munsi mwa Phiri la Dedza. Tsiku lina mtengo wa paini unagwa mokhota n'kumuphwanya mwendo wakumanzere. Kuchipatala anatulukako ndi mwendo umodzi ndi ndodo ziwiri. Kumunda kunkapita mkazi wake Dorika yekha, iye ali khale pakhonde, anthu odutsa akumupatsa moni wachisoni ngati wa pamaliro.

Tsiku lina Dorika anamuikira m'manja wailesi yawo yakufa.

"Mwendo ndiwo unapita, bambo. Manja alipo. Tatsegulani iyi."

Anaitsegula, n'kuipheratu. Ya mlamu wake anaiwononganso, mpaka anayambana. Yachitatu inalankhula. Patatha zaka zitatu, Vinsenti anali ndi katebulo kake pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu waukulu, akukonza mawailesi.

Pamenepo ndi pomwe anamupeza a Abdul, mkulu wogulitsa nsomba zouma amene anali ndi boti la injini kunyanja. Anabwera ndi kabokosi kokhala ndi galasi, mabatani asanu ndi chingwe chachitali.

"Awa ndi makina ofufuzira nsomba pansi pa madzi," anatero a Abdul. "Belu lake limangolira osaleka. Asodzi anga akuti afa, ndipo akufuna kundithawa chifukwa ukonde ukungotuluka wopanda kanthu. Mungawathe?"

Vinsenti anali asanakwerepo boti chibadwire.

"Ndisiyireni sabata ziwiri," anayankha.

Makinawo anabwera ndi kabuku ka Chingerezi, koma iye sukulu analekera sitandade 6. Anabwereka dikishonale kwa mphunzitsi wina wa ku Kabwazi, n'kumafufuza liwu limodzilimodzi mpaka maso kuwawa. Kenako analumikiza makinawo ku batire ya galimoto, n'kuviika kachitsulo ka kumapeto kwa chingwe mu diramu ya madzi. Belu linalira nthawi yomweyo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anamvetsa. Makinawo sanafe ayi. Anali ndi mabelu awiri: lina lochenjeza kuti madzi ndi osaya, lina lonena kuti pansi pali nsomba. Munthu wina anatchera loyamba lija pa mamita makumi atatu, pomwe asodziwo ankapha nsomba pamalo osazama choncho. Ndiye likanaleka bwanji kulira? Batani lowonjezera mphamvu yomvera nalonso linali pamapeto, moti ngakhale zinyalala zoyandama zinkaoneka ngati nsomba.

"M'diramu sindingatsimikize," anauza a Abdul. "Nditengeni kunyanja."

Anatsetsereka mapiri pa lole, n'kufika m'mawa. Pokwera boti anachita kumunyamula. Mkulu wa asodziwo, Bonifasio, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kundodo.

"Bwana, mwatibweretsera mlimi wa mbatata kuti atiphunzitse nyanja?"

Vinsenti anangoyatsa makinawo. Anatsitsa belu la madzi osaya kufika pa mamita anayi, anachepetsa mphamvu yomvera mpaka galasi linayera, n'kuyatsa belu la nsomba. Makina anakhala chete.

Ola linatha, lachiwiri linatha. Mafunde anamusanzitsa kawiri, dzuwa likumuwotcha pakhosi.

"Wawazimitsiratu," anatero Bonifasio. "Tiyeni tiponye pano, tisabwerere chimanjamanja."

"Pano palibe kanthu, achimwene," anatero Vinsenti, akupukuta pakamwa. "Pitani patsogolo."

Mumtima ankadziwa kuti akalakwa, a Abdul atsala opanda asodzi, ndipo iye abwerera ku Chimbiya ali choseketsa. Komabe maso sanawachotse pagalasi.

Mwadzidzidzi belu linalira mofulumira, kwii! kwii! kwii! Bonifasio anagwira chiwongolero kufuna kupitirira, poganiza kuti layambanso kulira pachabe.

"Ayi, zimitsani injini! Ilo ndi la madzi osaya, pansi pali mwala!" anakuwa Vinsenti.

Atasuzumira, onse anaona thanthwe lakuda likudutsa pafupi ndi boti. Palibe amene anamunyozanso. Atalizungulira pang'onopang'ono, kunamveka kulira kwina, kwapansipansi, ndipo pagalasi panatuluka chimtambo chakuda.

"Tsopano ponyani. Zili pa mamita khumi ndi awiri."

Ukonde unabwera wolemera ndi utaka moti amuna asanu ndi mmodzi anaukoka akubuula. Pofika kumtunda, Bonifasio yemweyo ndiye anabereka Vinsenti kumsana kumutsitsa m'boti.

"Aphunzitsi," anatero, "musapite musanandionetse mabataniwa."

Anakhala nawo masiku anayi, mpaka aliyense anadziwa kusiyanitsa mabelu awiriwo ndi khutu lokha. Mbiri inafalikira m'madoko. Eni maboti anayamba kukwera mapiri ndi makina awo kudzafuna munthu wa pa Chimbiya, ndipo pofika 1992 katebulo kaja kanali kasanduka shopu ya njerwa yofolera ndi malata.

Inu amene mukuwerenga, mwina chinthu chili patsogolo panu lero simunachionepo, ndipo anthu akukuuzani kale kuti si cha inu. Khalani nacho pansi. Funsani, bwerekani buku, lakwitsani, yesaninso mawa. Mtima wokha musautaye.