Dzina Lapansi pa Mpando wa Golide

Lachiwiri anatiuza kuti tisunthe mipando iwiri ku villa ya ku Al Markhiya, kuno ku Doha, komwe ndimagwira ntchito. Ndi ya ku France, yopakidwa golide, ya m'zaka za m'ma 1700. Palibe amakhalapo. Ndi yongoyang'ana.

Ndinali ndi a Mbewe, dalaivala wa panyumbapo, bambo wa imvi zawo. Ananyamula mpando momwe tonse timanyamulira kwathu, kugwira moika mikono. Tinangomva thee! Thabwa lagwedera, kachidutswa ka golide kamatirira m'dzanja lawo la thukuta.

"Mphwanga, taona," ananong'ona. "Yanga yatha."

Madam atafika anangoti, "Driver, khalas!" Pa Chiarabu ndiye kuti zatha.

M'mawa mwake kunabwera mzungu wokonza katundu wakale. Akuti mpando wotere sugwiridwa mmwamba, umanyamulidwa chapansi. Anatiuzapo ndani? Kenaka anandiuza kuti ndiutembenuze. Pa thabwa la kunsi panali dzina la munthu, lodindidwa ndi chitsulo.

Ndili chigwirire, ndinamva akufotokozera madam. Dzinalo ndi la kalipentala, mwini shedi. Koma mpando unkadutsa m'manja ambiri: wosema maluwa, wopaka golide, wokuta nsalu. Onsewo sanadindepo kanthu.

Ine sukulu ndinalekera Folomu 2, koma izi sizifuna satifiketi. Amene anapuma fumbi posema duwa lija anali ndani? Anali ndi ana? Anakhalapo pa mpando wotere ngakhale kamodzi? Ngakhale wamwayiyo, dzina lake analiika kunsi, koona onyamula okha.

Tayang'anani Doha, abale anga. Mahotela, misewu, masitediyamu akumangidwawa. Mudzapezapo dzina la Mnepali kapena la Mmalawi? A Mbewe atumikira banja limeneli kuyambira ana ali ku nazale, koma sindinamvepo wina m'nyumbamo akutchula dzina lawo. Ndi "driver" basi.

Mpando aukulunga m'bulangete, wapita kukachira. A Mbewe awakansela visa. Mwana wawo wamkazi ali ku koleji ku Zomba, ndipo sanamuuze.

Lachisanu ndinawathandiza kumanga chikwama. Golide uja anali atachoka kalekale m'dzanja lawo.

"Musadandaule, achimwene," ndinatero, poti pakamwa panalibe china.

"Usandinamize, iwe," anayankha. "Ingonyamula bwino winawo."

Winawo ndaunyamula lero, chapansi, monga anatiphunzitsira. Chala changa chinali pa dzina lija, poti nawonso uli nalo kunsi.

Inuyo, komwe mukugwirako, alipo amadziwa lanu?